Kuwerenga manambala a thupi lanu popanda kudziopseza, kuyambira m'khwapa mpaka pa pepala la ku labu

Amalume anga ali ndi kamakina koyezera shuga komwe mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Mnzawo wosewera naye bawo ali ndi kakenso, kogula m'tauni mommuno. Tsiku lina m'mawa anapangana zodzibaya chala onse awiri asanalawe kanthu. Ka amalume kanalemba 5.4, ka mnzawoyo kanalemba 97. Apo ndiye zinavuta. Wa 97 uja anangokhala khuma, akuganiza za amene adzasamale ana ake, pamene amalume anatuma mdzukulu kuti akadule nzimbe kudimba, ati shuga wawathera m'thupi. Chonsecho anthu awiriwa anali ndi shuga wofanana ndendende, ndipo onse anali bwinobwino. Timakina tawoto ndi timene tinkawerengera m'miyezo yosiyana.

Zoyezera zafika m'makomo masiku ano, ndipo zithunzi za mapepala a ku labu zikuyenda pa WhatsApp ngati uthenga wa chinkhoswe. Koma nambala payokha sinena kanthu. Imayamba kukhala ndi tanthauzo mukadziwa mmene inayezedwera, muyezo umene yalembedwera, komanso ngati malire amene mukuiyerekeza nawo ndi a munthu wonga inu.

1. Dziwani kaye komwe malirewo anachokera

Manambala amene amalembedwa pambali pa zotsatira zanu sanagwe kumwamba. Akatswiri amasonkhanitsa anthu ooneka athanzi, osachepera 120 pa gulu lililonse, n'kuwayeza. Kenako amandandalika zotsatirazo kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, n'kudula nsonga zonse ziwiri, kusiya anthu 95 pa 100 amene ali pakati. Poyambira ndi pothera pa anthu apakatiwo ndiye malire amene mumawaona pa pepala. Ndiye kuti mwa anthu 20 athanzi, mmodzi amagwera kunja kwa malire pamene alibe vuto lililonse. Mukayezetsa zinthu 20 zosagwirizana tsiku limodzi, masamu amasonyeza kuti mwayi woti chimodzi chituluke ndi kachilembo ka H (yakwera) kapena L (yatsika) ndi pafupifupi 64 pa 100, inu muli gwa.

Pali manambala ena amene sanapezedwe mwa njira imeneyi. 140/90 ya BP ndi 7.0 ya shuga anaziika atatsatira anthu kwa zaka zambiri n'kuona kuti kuyambira pamenepo sitiroko, khungu ndi kuwonongeka kwa impso zimachuluka. Apa sizithandiza kunena kuti kwathu kuno aliyense BP yake imakhala pa 150. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

2. Tsegulani tsamba lanu mudakali bwino

Tengani kope wamba, kapena pepala loti muzisunga m'kati mwa buku lanu la kuchipatala. Nthawi iliyonse mukayeza, lembani tsiku, nthawi, nambala ndi muyezo wake, ndiponso zimene munkachita: mwadya kapena ayi, mwamwa mankhwala anji. Yambani sabata imene simukudwala. Munthu amene mtima wake umagunda ka 58 masiku onse, tsiku limene wafika pa 95 ali chikhalire ndiye kuti china chake chasintha, ngakhale 95 ili m'kati mwa malire.

3. Kutentha kwa thupi

Tonse tinaloweza 37 kusukulu. Nambalayi inachokera kwa dokotala wa ku Leipzig ku Germany, Carl Wunderlich, amene mu 1868 anafalitsa zimene anapeza atayeza m'khwapa odwala pafupifupi 25,000. Mu 1992 madokotala a ku Baltimore ku America anayezanso anthu athanzi ndi zipangizo zatsopano n'kupeza kuti pakati penipeni ndi 36.8. Kwa munthu wamkulu, kuyambira madigiri 36.1 mpaka 37.2 palibe chodetsa nkhawa. Thupi limazizirirapo mbandakucha n'kutentherapo madzulo, kusiyana kwake kungafike theka la digiri. Kwa amayi limakwerakonso pang'ono masabata awiri omaliza asanayambe kusamba.

Pukutani thukuta m'khwapa. Ikani nsonga ya choyezeracho pakatikati pa khwapa, ikhudze khungu osati malaya, ndipo panikizani mkono ku nthiti. Cha batire dikirani chilire. Chagalasi chija chigwedezeni kaye kuti mzere utsike, n'kuchisiya mphindi zisanu. Yezani musanapereke panado, chifukwa mukayamba ndi mankhwala mukafika kuchipatala thupi litazizira ndipo nkhani yanu sikamveka.

M'khwapa mumapereka nambala yotsikirapo poyerekeza ndi m'kati mwa thupi, n'chifukwa chake kusikelo ya ana 37.5 ya m'khwapa amaitenga kale kuti thupi latentha, pamene mabuku ambiri amatchula 38. Choyezera chanu chikalemba 98.6 kapena 100.4 musathawe, chili pa Fahrenheit: 98.6 ndi 37, ndipo 100.4 ndi 38. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika 37.5, kapena likazizira kutsika 35.5, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Agogo okalamba akhoza kudwala kwambiri thupi osatentha n'komwe, mumangoona asokonezeka mutu kapena asiya kudya.

Chinenero chathu chimatipusitsa pang'ono apa, poti mawu akuti malungo timawagwiritsa ntchito pa kutentha thupi kulikonse. Chibayo, matenda a m'chikhodzodzo ndi taifodi zimatenthetsanso thupi. Yezetsani magazi musanamwe LA wotsala wa mwana wa aneba.

4. Kugunda kwa mtima ndi kupuma

Khalani pansi mphindi zisanu. Tembenuzani dzanja, ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo sindikizani pang'ono mpaka mumve kugunda. Musagwiritse chala chachikulu chifukwa nachonso chili ndi kugunda kwake. Werengani masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Ngati kugundako kukudumphadumpha, werengani mphindi yathunthu ndipo lembani kuti sikukuyenda mofanana. Zimenezi n'zofunika kuuza dokotala kuposa nambala yeniyeniyo, chifukwa mtima wogunda mosalongosoka ukhoza kuumbitsa magazi amene amadzetsa sitiroko.

Wamkulu amene wapuma, mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Wakabaza kapena wosewera mpira akhoza kupezeka pa 50 ali wathanzi kuposa tonsefe. Wakhanda ndi 100 mpaka 160, ndipo nambalayi imatsika mwana akamakula. Thupi likatentha, digiri iliyonse imawonjezera kugunda pafupifupi 10.

Kupuma ndi kumene anthu ambiri saganiza zowerenga, pamene ndi kumene kumapulumutsa ana. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Musamuuze kuti mukuwerenga, akadziwa amasintha kapumidwe. Kwa mwana amene akutsokomola, dikirani atonthole kapena agone, vundukulani chifuwa, yatsani wotchi ya pa foni, n'kuwerenga kukwera kwa mimba kwa mphindi yonse, osadula. Wosakwana miyezi iwiri akupuma mofulumira akafika 60 kapena kuposa. Wa miyezi iwiri mpaka chaka, malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, 40. Awa ndi manambala omwewo amene azaumoyo a m'midzi amagwiritsa ntchito pozindikira chibayo. Mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, siyani zowerenga, mberekeni.

Kachipangizo kopanira chala kaja, kamene kanatchuka nthawi ya Covid-19, kamaonetsa mpweya wa okosijeni m'magazi. 95 mpaka 100 ndi zabwino. Kutsika 94 munthu akudwala, akaonedwe. Pansi pa 90 amafunika mpweya wa kuchipatala. Chala chozizira ndi penti wa m'zikhadabo zimakasokoneza. Ndipo mu 2020 ofufuza a ku University of Michigan anapeza kuti kwa anthu akhungu lakuda kachipangizoka kamabisa kuchepa kwa mpweya pafupifupi katatu kuposa kwa azungu. Choncho munthu akamabanika koma kakulemba 95, khulupirirani maso anu.

5. BP: apa musathamange

Ndi pa BP pamene manambala abodza amachuluka, ndipo vuto nthawi zambiri si makina. Munthu watsika minibasi, wathamangira mzere, chikhodzodzo chadzaza, wakhala pabenchi lopanda potsamira, akuyankha mafunso lamba ali pamkono. Aliyense BP yake ikhoza kukwera ndi zimenezo.

Kunyumba chitani chonchi. Kwa mphindi 30 musanayeze, musamwe khofi kapena tiyi, musasute fodya, musagwire khasu. Pitani kaye mukataye madzi. Khalani pampando wotsamira, mapazi onse pansi, miyendo osapingasa, ndipo mukhale chete mphindi zisanu zenizeni, zoyang'ana pa wotchi. Mkono ugone patebulo, pamtunda wofanana ndi mtima. Lamba amangidwe pakhungu, masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa chigongono, osati pamwamba pa juzi, komanso osati pansi pa dzanja la malaya lopindidwa mothina. Dinani batani, ndipo musalankhule, musayang'ane foni. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri yezaninso, n'kulemba zonse ziwiri.

Tsiku loyamba yezani mikono yonse, kenako muzigwiritsa ntchito umene wapereka nambala yokwera. Onaninso kukula kwa lamba. Lamba wamng'ono pamkono wonenepa amakweza nambala, ndipo alipo anthu amene anauzidwa kuti ali ndi BP chifukwa cha lamba basi. Makina omanga pamkono wam'mwamba ndi odalirika kuposa ovala ngati wotchi.

Nambala yapamwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa, yapansi ndi pamene mtima wapuma podikira kupopanso. Pansi pa 120/80 ndi pabwino kwambiri. Kuchipatala, 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana ndi BP yokwera, malinga ndi WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse. Sizilira kuti manambala onse awiri akwere, imodzi ikwanira. Kunyumba malire ndi 135/85, chifukwa munthu pakhomo pake amakhala womasuka. Mukawerenga pa intaneti mupeza 130/80: amenewo ndi malire amene mabungwe a madokotala a mtima a ku America anakhazikitsa mu 2017, ndipo si mayiko onse anawatsatira.

Kuti mudziwe BP yanu yeniyeni, yezani m'mawa musanamwe mankhwala ndi madzulo musanadye, kwa masiku asanu ndi awiri. Tayani za tsiku loyamba, zotsalazo muziphatikize n'kugawa ndi kuchuluka kwake. Nambala imeneyo ndi imene mukapite nayo kwa dokotala.

Ikafika 180/120, pumani pang'ono n'kubwereza. Ikakhalabe pomwepo pitani tsiku lomwelo, ndipo ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kuona mwachimbuuzi, pakamwa kupotoka kapena mkono kufooka, musadikire kuti kuche. Pansi pa 90/60 ndi yotsika, koma alipo atsikana ambiri ochepa thupi amene amakhala pamenepo osamva kanthu. Imadetsa nkhawa ikabwera ndi chizungulire, kukomoka, kutsegula m'mimba kapena kutaya magazi.

Mayi woyembekezera ali ndi lamulo lakelake. Mimba ikapitirira masabata 20, 140/90 si yoti tione mawa. Ikabwera ndi mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kuona tinyenyezi kapena kupweteka pansi pa nthiti, ndi chizindikiro cha vuto limene limagwetsa amayi ngati akhunyu ndi kupha mwana m'mimba. 160/110 ndi ngozi yeniyeni.

Chomaliza pa BP: kusamva mutu si umboni woti yatsika. Anthu ambiri a 170 amadzuka, kulima ndi kupita ku tchalitchi osamva chilichonse, ndipo pa chifukwa chomwecho amasiya mankhwala akangomaliza paketi yoyamba.

6. Shuga, ndi nkhani ya 18

Tibwerere kwa amalume. Makina ena amawerengera mu mmol/L, monga zilili ku South Africa ndi ku Britain. Ena amawerengera mu mg/dL, monga ku America ndi ku India. Kuno kwathu mitundu yonse iwiri ilipo. Kuti musinthe, chulukitsani kapena gawani ndi 18: 5.4 kuchulukitsa ndi 18 ndi 97. Yang'anani tizilembo tating'ono pambali pa nambala musanachite china chilichonse.

Sambani m'manja ndi sopo n'kupukuta bwino. Chala chimene chagwira mango kapena nzimbe chikhoza kupereka nambala ya munthu wodwala kwambiri. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, sipapweteka ngati pakati, ndipo musafinye mwamphamvu. Timapepala toyezera timawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, choncho tsekani kabotolo mukangotulutsa kamodzi, ndipo onani tsiku limene timathera mphamvu.

Munthu amene wakhala maola asanu ndi atatu osadya, kumwa madzi okha, shuga wake akhale 3.9 mpaka 5.5, kapena 70 mpaka 99 pa makina enawo. Tiyi wothira shuga ndi thobwa ndi chakudya, musanene kuti simunadye. Kuyambira 5.6 mpaka 6.9 ndi chenjezo, ngakhale WHO imayambira chenjezolo pa 6.1. Kufika 7.0, kapena 126, ndi malire a matenda a shuga. Nthawi ina iliyonse ya tsiku, 11.1 kapena 200 mwa munthu amene akumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda, imaloza komweko. Pakatha maola awiri chidyereni, munthu wopanda shuga kawirikawiri amakhala atatsika pansi pa 7.8.

Kamakina ka kunyumba kamaloledwa kuphonya ndi 15 pa 100, choncho sikoyenera kugamula mlandu. Kakakuonetsani 7.2, pitani akakuyezeni ku labu. Kumeneko akhoza kuyezanso HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, popeza maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120. Pansi pa 5.7 peresenti ndi bwino, 6.5 ndi matenda a shuga. Ku Britain 6.5 yomweyo amailemba 48. Muyezo umenewu umanama mwa munthu wochepa magazi, wa sickle cell, kapena amene wangoikidwa magazi kumene.

Kutsika kwa shuga kumapha msanga kuposa kukwera, makamaka kwa amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide n'kudumpha chakudya. Pansi pa 3.9, kapena 70, munthu akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akulankhula zosamveka, msungunulireni masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi. Yezaninso pakatha mphindi 15, kenako adye nsima kapena buledi. Wokomoka musamuthire chilichonse kukamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali n'kuthamanga naye.

7. Pepala la ku labu

Musanayang'ane nambala iliyonse, onani dzina, zaka ndi tsiku. Mapepala amasinthana. Kenako onani mizere itatu: zotsatira, muyezo, ndi malire a labu imeneyo. Malire a pa pepala lanu ndi amene ali ndi mphamvu kuposa amene ndikulemba pano, chifukwa makina amasiyana.

Hb ndiye imene timati magazi. Sikuti amayeza malita, munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi asanu ngakhale atauzidwa kuti magazi achepa. Amayeza chinthu chofiira chimene chimanyamula mpweya. Malinga ndi WHO, magazi achepa ngati Hb ili pansi pa 13 kwa bambo, pansi pa 12 kwa mayi, ndi pansi pa 11 kwa mayi woyembekezera. Mu 2024 bungweli linasinthako pang'ono: miyezi itatu yapakati ya mimba malire ndi 10.5, chimodzimodzi ana a miyezi 6 mpaka 23, pamene ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi 11. Pansi pa 7 kwa mayi wapakati kapena mwana wamng'ono ndi kuchepa koopsa. Wachibale wa ku London akakuuzani kuti yake ndi 135, ndi 13.5 yomweyo, kumeneko amalemba mu g/L.

Malo amene mumakhala amasinthanso Hb. Kumapiri mpweya ndi wopepuka ndipo thupi limapanga maselo ofiira ambiri, choncho 12 ya mayi wa ku Dedza si yofanana ndi 12 ya mayi wa ku Nsanje. Wa ku Dedzayo ali pafupi ndi kuchepa magazi kuposa mmene pepala likuonetsera. Osuta fodya nawonso Hb yawo imaoneka yokwera.

Mukauzidwa kuti magazi achepa, funsani chifukwa. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kusamba kwambiri, zilonda za m'mimba ndi kusowa kwa ayironi m'zakudya, chilichonse chili ndi mankhwala ake. Pa pepala lomwelo pali MCV, kukula kwa maselo ofiira, imene imakhala 80 mpaka 100. Ikatsika, kawirikawiri ndi ayironi. Ikakwera, amaganizira mavitamini a B12 ndi folate, mowa kapena mankhwala ena. Chakumwa sichiwonjezera magazi chifukwa choti ndi chofiira. Bambo kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi magazi ochepa, pafunika kufufuza komwe akutayikira.

WBC ndi maselo oyera, asilikali a m'thupi: 4 mpaka 11. Pansi pake mupeza ma neutrophils, mtundu umodzi wa maselo oyerawo, ndipo apa pali nkhani imene imatikhudza ife mwachindunji. Malire ambiri a m'mabuku anachokera kwa azungu ndipo amayambira pa 2. Anthu ambiri a kuno ku Africa tinabadwa opanda chizindikiro china pa maselo ofiira chotchedwa Duffy, zimene zimatiteteza ku mtundu wa malungo wa vivax, ndipo anthu otere ma neutrophils awo amakhala otsikirapo chibadwire, ena mpaka pansi pa 1.5, osadwaladwala. Amene muli ku Britain kapena ku America mukaitanidwa kuti mukabwereze magazi chifukwa cha nambala imeneyi, pitani ndithu, koma mufunse ngati aganizirapo za Duffy.

Ma platelets, amene amaumitsa magazi pabala, ndi 150 mpaka 450, ndipo malungo amawatsitsa kawirikawiri. CD4 ya munthu wathanzi imakhala 500 mpaka 1,500. Ikatsika 200, chitetezo chafooka kwambiri ndipo kuchipatala amayezanso TB ndi matenda ena obisala.

Creatinine ndi zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimataya. Kwa abambo imakhala cha m'ma 60 mpaka 110, kwa amayi 45 mpaka 90, mu µmol/L. Labu ina ikalemba 0.9, ili mu mg/dL, chulukitsani ndi 88. Popeza imachokera m'minofu, 105 ya mnyamata wonyamula matumba mumsika si kanthu, koma 105 yomweyo mwa agogo aakazi owonda ikhoza kutanthauza kuti impso zatopa kwambiri. N'chifukwa chake amawerengeranso eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi: pamwamba pa 90 ndi bwino, pansi pa 60 kwa miyezi itatu ndi matenda a impso. Dolutegravir, amene ali m'ma ARV a masiku ano, amakweza creatinine pang'ono osawononga impso, choncho musasiye mankhwala nokha. Amene amawononga mwakachetechete ndi brufen, diclofenac ndi indocid omwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana.

Zotsalazo mwachidule: michere ya m'magazi ya sodium 135 mpaka 145 ndi potassium 3.5 mpaka 5.0, ALT ya chiwindi osapitirira cha m'ma 40, kolesterolo yense, mafuta a m'magazi, pansi pa 5. Potassium akakwera mwa munthu amene akuoneka bwino, nthawi zina ndi magazi amene anachedwa panjira yopita ku labu kapena anavuta kukoka, ndipo amangofunika kutenganso ena. Koma abwerezedwe mwachangu, chifukwa akakhala wokweradi amaimitsa mtima.

8. Sikelo ndi tepi

BMI, muyezo wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika, mumaipeza pogawa makilogalamu anu ndi kutalika kwanu m'mamita, n'kugawanso kachiwiri ndi kutalika komweko. Wa makilogalamu 62 wotalika mamita 1.65 amapeza 22.8. Malire ndi 18.5 mpaka 24.9, ndipo 30 ndi kunenepa kodwalitsa. Ine ndimakhulupirira tepi ya telala kuposa BMI, imene sisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Zungulizani tepiyo pamimba cha pamchombo mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Isapitirire theka la kutalika kwanu: wa masentimita 165, mimba isadutse 82. Mimba ija timaitcha ya mabwana ndi imene imayenda limodzi ndi shuga ndi BP.

Mwana wobadwa ndi makilogalamu osakwana 2.5 ndi wochepa sikelo. Masiku oyamba khanda limatsikako, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, n'kubwerera pofika masabata awiri. Pa tchati cha m'buku la kusikelo musayang'ane kadontho ka mwezi uno kokha, onani ngati mzere ukukwera. Mwana wamng'ono thupi amene mzere wake ukukwerabe ali bwino kuposa wonenepa amene waima miyezi itatu. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59 pali kalamba ka mitundu itatu koyeza mkono wakumanzere, pakati pa phewa ndi chigongono. Masentimita 12.5 kupita m'mwamba ndi pobiriwira, 11.5 mpaka 12.5 ndi pachikasu, pansi pa 11.5 ndi pofiira, pofunika chiponde ndi chithandizo cha kuchipatala. Sindikizaninso pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, mwanayo akudwala ngakhale tepi italoza pobiriwira.

9. Nambala ikatuluka m'malire

Yang'anani kaye munthuyo. Amene akubanika, wakomoka, akukoka, wasokonezeka, akulephera kumwa kapena kuyamwa, sasowa nambala ina yoti itsimikize. Ngati akuyenda ndi kudya bwinobwino, onani muyezo, onani ngati malirewo ndi a msinkhu wake, ndipo bwerezani kuyeza motsatira ndondomeko. Kenako onani kuti yatuluka motani. ALT ya 44 pamene malire ndi 40 ndi nkhani ina, ya 400 ndi inanso.

Musasinthe mlingo wa mankhwala chifukwa cha nambala imodzi, ndipo musamwe a mnzanu chifukwa manambala anu afanana. Popita kuchipatala nyamulani kope lija, mapepala akale a ku labu, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo azitsamba, ndi makina anuwo kuti akawayerekeze ndi awo. Mzere ukhoza kukhala wautali ndipo adokotala otopa, choncho konzeranitu mafunso: nambala iyi yasiyana bwanji ndi ya ulendo watha, ndibwerezenso liti, ndipo ndikaona chiyani ndibwere tsiku lisanakwane. Pemphani kuti nambala yeniyeniyo ilembedwe m'buku, chifukwa mawu akuti zili bwino simungawayerekeze ndi kanthu chaka chamawa.

Amalume aja tinawamatira kapepala kuseri kwa kamakina kawo, polembedwa mmol/L ndi manambala awiri, 3.9 ndi 7.0. Ka mnzawo tinalembapo mg/dL, 70 ndi 126.